Zoti mimba imatengeka tsiku la 14 lokha ndi bodza

Uthenga uja wabweranso m'magulu a WhatsApp kuno ku Thyolo, mpaka m'minda ya tiyi amayi akunong'onezana. Akuti mayi amatenga pakati tsiku la 14 lokha kuwerengera kuyambira tsiku loyamba la msambo, ndipo akangotha kusamba, sabata yonse palibe choopa. Ayi ndithu.

Dzira limatuluka pafupifupi masiku 14 msambo wotsatira usanayambe. Ngati msambo wanu umabwera pakatha masiku 24, dzira lingatuluke cha tsiku la 10. Lokha limakhala tsiku limodzi, koma mbewu ya abambo imadikira m'thupi mpaka masiku 5. Ndiye kukhala malo amodzi tsiku la 6, magazi atangoleka, mukhoza kuima. Matenda, nkhawa ngakhale kuyamwitsa zimasunthanso tsiku lotuluka dziralo.

Njira yolera ya mikanda, yowerengera masiku a msambo pa mikanda, imatenga tsiku la 8 mpaka 19 ngati masiku oti mungatenge pakati, koma ndi ya okhawo amene msambo wawo umabwera pakati pa masiku 26 ndi 32. Komanso siiteteza ku HIV.

Lembani masiku anu pakalendala kwa miyezi ingapo, mukawaonetse anamwino a zakulera kapena alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Uthenga wolonjeza kuti masiku akutiakuti ndi otetezeka kwa mayi aliyense, chonde uthere pafoni panu, musautumize kwa ena.