Chifukwa chake njira ya m'phiri imakhotakhota

Aliyense amene watsikapo ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre amaudziwa msewu wa M1 pamene umayamba kupindapinda pamtsetse, mabuleki a malole akununkha, kutsogolo chigwa chonse chitayalika, Shire akunyezimira mpaka ku minda ya nzimbe ya ku Nchalo. Ambiri amadandaula kuti makona achuluka. Ife okonza njira za anthu oyenda pansi m'nkhalango timawaona mwina: makonawo ndiwo amasunga msewu.

Madzi a mvula amatsata pomwe patsetsereka kwambiri. Mukalambula njira yolunjika kuchokera pamwamba pa phiri mpaka pansi, mwawakumbira madziwo ngalande. Chaka choyamba pamangooneka kamzere. Pofika chachitatu pali chigwembe choti mbuzi ikagweramo situluka, ndipo dothi lonselo lapita kukakwirira minda ndi mitsinje kumunsi. N'chifukwa chake njira yabwino imadula phiri cham'mbali, kukwera pang'onopang'ono, n'kupendekera pang'ono kunja kuti madzi aidumphe m'malo moitsata. Pakapita mtunda pang'ono timagoneka mwala kapena chipika mopingasa kuti madzi apatukire m'tchire asanapeze mphamvu. Ntchito yake njosaoneka, koma mvula ya Januwale ikagwa mumadziwa amene anaigwira ndi amene anaithawa.

Choononga chachikulu ndi chidule. Munthu mmodzi akadula kona, wachiwiri amatsata mapazi ake, udzu umafa, ndipo mvula imamaliza. Oyendetsa njinga za makala pazitunda zimenezi amadziwa bwino kuti tinjira tachidule timasanduka maenje, koma mitengo yomwe ikanagwira dothi ndiyo ili m'matumba awo. Izi zimandipweteka, chifukwa amene amalipira ndi anthu a kumunsi. Namondwe wa Ana mu 2022 anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo Freddy mu 2023 anasiya maliro ndi mabwinja. Mvula yoteroyo palibe angaiimitse, koma phiri losalala limatumiza madzi onse nthawi imodzi, pamodzi ndi miyala.

M'malo osungirako nyama nkhani imakulirapo. Ku Majete, komwe bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2003, kunabwezeretsedwa zipembere chaka chomwecho, njovu mu 2006 ndi mikango mu 2012. Kumeneko simuyenda pansi nokha. Mumatsogozedwa ndi agemu okhala ndi mfuti, mumayenda pamzere umodzi, osalankhula mokweza, ndipo wotsogolera amayang'anitsitsa kumene mphepo ikupita kuti fungo lanu lisafike kwa njati inu musanaione. Tinjira tambiri kumeneko anatiyamba ndi njovu popita kukamwa ku Mkulumadzi ndi ku Shire, ndipo njovu sikonda chitunda cholunjika. Imazungulira monga timachitira ife.

Ku Lengwe n'kwathyathyathya, ndipo vuto si kukokoloka kwa nthaka koma kutentha ndi matope. Nyengo yadzuwa nyama za boo (zomwe pa Chingerezi amati nyala) zimabwera zokha pamadziwe, ndiye munthu amangokhala m'kanyumba kobisaliramo n'kudikira. Ku Mwabvi, ku Nsanje, kuli miyala ikuluikulu ndi zigwa zopapatiza zoyenera kuyenda pansi, koma ndi ochepa amafikako.

Mukafuna kuyenda kuno ku chigwa cha Shire, sankhani miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti, nyamukani kusanache, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo mukhale mutapuma. Mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Madzi akumwa nyamulani ochuluka kuposa momwe mukuganizira.

Ku Mulanje alendo amayenda masiku angapo, kugona m'tinyumba tam'phiri, ndipo achinyamata akumeneko amapeza ndalama powatsogolera ndi kuwanyamulira katundu. Ndimalakalaka zitunda zathu za pakati pa Thyolo ndi East Bank zitakhala ndi njira yotere, yodula cham'mbali, yodutsa m'midzi, yosamalidwa ndi eni ake mothandizana ndi mafumu.