Chimene mphamvu imachita pa chinthu choyenda

Ambiri amene akuyamba kuphunzira fizikisi amakhala ndi maganizo amene Aristotle, katswiri woganiza mozama wa ku Greece, anali nawo kalelo, akuti chinthu chimayenda pokhapokha pali chochikankha. Maganizowa ndi omveka, popeza mpira ukagubuduzidwa pansi umakaima ndithu. Komatu chimene chimauimitsa ndi kukhulana kwake ndi nthaka komanso mpweya umene ukuwombana nawo, moti zimenezi zikanapanda kukhalapo, mpirawo ukanapitirira mowongoka pa liwiro lomwelo osaima. Isaac Newton, wasayansi wa ku England, analemba mfundoyi mu 1687 monga loyamba mwa malamulo ake atatu a kayendedwe ka zinthu, ndipo ine ndimaona kuti amene sanaimvetse bwino amavutika ndi zonse zotsatira.

Ntchito ya mphamvu ndi kusintha kayendedwe, ndipo kayendedwe kali ndi mbali ziwiri: liwiro, ndi kumene chinthucho chalunjika. Taganizirani galimoto imene ikuyenda makilomita 72 pa ola, omwe ndi mamita 20 pa sekondi iliyonse, ikukhota osachepetsako liwiro. Kamuvi kosonyeza liwiro kali pomwepo, koma kayendedwe kasintha, ndipo wokwera amamva ngati wina akumukankhira kuchitseko. Palibe chimene chikumukankhira kunja. Thupi lake likungopitirira mowongoka monga linkayendera, ndipo mpando, lamba ndi chitseko n'zimene zikulikakamiza kuti likhote pamodzi ndi galimotoyo.

Chinthu chikamagwa, mphamvu yokoka ya dziko imawonjezera liwiro lake ndi mamita pafupifupi 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse, ngati mpweya sukuchitchinga kwambiri. Mwala wosiyidwa kuti ugwe umatsika mamita 4.9 m'sekondi yoyamba, kenako mamita 14.7 m'sekondi yachiwiri. Galileo Galilei, wasayansi wa ku Italy, anaona zimenezi pogubuduza timipira pa thabwa lopendekeka kuti kugwako kuchedwe n'kuyezeka, ndipo anapeza kuti mitunda ya m'nthawi zofanana zotsatizana imakula monga 1, 3, 5, 7.

Nanga bwanji cholemera sichifika pansi msanga? Dziko limachikoka kwambiri, n'zoona, koma kuchuluka kwake komweko kumachititsa kuti kayendedwe kake kavute kusintha, ndipo ziwirizi zimathetsana ndendende. Mu 1971 David Scott, woyenda m'mlengalenga wa ku America, ali pamwezi, pamene palibe mpweya wotchinga, anasiya hamala ndi nthenga nthawi imodzi, ndipo zonse zinafika pansi limodzi.