Boma likamawerenga miyoyo yathu

Ndikafunsa ophunzira anga a filosofi kuti mphamvu ya boma ili pati, ambiri amatchula mfuti, ndende ndi chingwe chonyongera. Sanalakwe, koma imeneyo ndi mphamvu yakale, ya mfumu imene inkasankha kupha munthu kapena kumuleka. Mu 1976 katswiri wa filosofi Michel Foucault wa ku France anafotokoza mphamvu ina, yomwe inakula ku Ulaya kuyambira zaka za m'ma 1700. Maboma anayamba kuwerenga ana obadwa, maliro, matenda ndi zaka zimene anthu amafika, kenaka n'kumayesa kusintha ziwerengerozo. Mphamvu imeneyi imasamala moyo kuti uchuluke, koma ena imangowasiya afe. Dzina lake ndi biopolitics.

Musafulumire kuida. Katemera ndi chipatso chake, ndipo ndi katemera amene anathetsa nthomba padziko lonse, monga bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengezera mu 1980.

Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti boma likayamba kuona anthu ngati munda wofunika kupalira, sipatenga nthawi wina amatchedwa udzu. Mu 1927 Khoti Lalikulu la ku United States, pa mlandu wa Buck v. Bell, linaloleza kutseka mokakamiza anthu amene ankanenedwa kuti ndi operewera nzeru, kuti asabereke. Anthu oposa 60,000 anatsekedwa m'dzikolo. Ku Germany lamulo la 1933 linachita chimodzimodzi kwa anthu pafupifupi 400,000. Ochita izi anali madokotala, oweruza ndi alembi, ndipo pakamwa pawo panali mawu okoma: tikuteteza thanzi la mtundu. Apa m'pamene pagona nkhani. Nkhanzazo sizinabwere potsutsana ndi chisamaliro, zinabwera zitavala malaya ake.

Giorgio Agamben wa ku Italy, mu 1995, analemba za munthu wolandidwa chitetezo chonse cha lamulo, wotsala thupi lopuma basi, monga akaidi a m'misasa ya chipani cha Nazi cha Hitler.

Koma ine mtima wanga uli kwa Achille Mbembe wa ku Cameroon. Mu 2003 iye anabweretsa mawu akuti necropolitics, ulamuliro wosankha woyenera kufa. Anati tiyang'ane m'minda ya akapolo ndi m'maiko a atsamunda. Kumeneko lupanga la mphamvu yakale ija silinabwezedwe m'chimake. Kapolo ankadyetsedwa kuti mawa alime, ndipo wolemba kaundula ndi wonyamula chikoti ankalipidwa ndi bwana mmodzi.