“Koma kuno sikukugwa mvula”

Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri moti masiku ano ndikangoona munthu akukweza mutu kuyang'ana kumwamba, ndimadziwiratu chimene chituluke pakamwa pake. Ndatha zaka zambiri ndikutsogolera alendo m'njira zoyenda pansi za m'chigwa, kuwaonetsa mathithi, maiwe, mapanga ndi matanthwe, ndipo nthawi zina ndimaitanidwa kukathandiza kufunafuna amene sanabwerere. Ndikauza gulu kuti lero sitilowa m'khwawa, sipalephera wina wonditsutsa. Amaloza kumwamba kuli mbee, dzuwa likuswa mtengo, nkunena kuti, “Koma achimwene, kuno sikukugwa mvula.” Inde, kuno sikukugwa. Nanga anakuuzani ndani kuti madzi a mumtsinjewu amachokera kuno?

Mapiri ndi zitunda zimene mukuziona uku ndi uku, pamodzi ndi zina zambiri zobisika kuseri, zili ngati denga lalikulu, ndipo mtsinje umene mukuyenda m'mbali mwakewo ndiwo ngalande yake imodzi yokha. Tiwerengetsere pang'ono. Mvula ya mamilimita 25, imene mtambo umodzi wamabingu umatha kukhuthula ola lisanathe, ikagwa pamalo okwana sikweya kilomita imodzi imakhala malita 25 miliyoni. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kuti pamenepo pali matani 25,000. Chigwa chaching'ono chomwe chimasonkhanitsa madzi a m'masikweya kilomita 10 kapena 20, chulukitsani nokha. Ena amalowa m'nthaka, zoona. Koma pamene pali matanthwe, pamene mitengo inadulidwa, pamene panapsa moto, kapena pamene nthaka inakhuta kale mvula ya dzulo, ambiri amangotsetsereka, onse kulowera kumodzi. Akafika pamene makoma a chigwa apanikizana alibe kofalikira, choncho amakwera m'mwamba, ndipo amakwera m'mphindi zowerengeka.

Pa 12 Ogasiti 1997 alendo 11 anafa ku Antelope Canyon, m'chigawo cha Arizona ku United States. Pamene iwo anali panangogwa timadontho. Mvula yeniyeni inagwa kumtunda, pamtunda wa makilomita pafupifupi 11. Pa 27 Julayi 1999, m'khwawa la Saxetbach pafupi ndi Interlaken ku Switzerland, chigumula chinapha anthu 21, atatu mwa iwo otsogolera alendo, anthu a ntchito ngati yangayi, ndipo mu 2001 khoti linapeza akuluakulu ena a kampani imene inakonza ulendowo olakwa chifukwa chonyalanyaza. Mu Ogasiti 2018 zinachitikanso m'khwawa la Raganello kummwera kwa Italy, anthu 10 anafa. Ambiri mwa iwo anali anthu opita kukasangalala ndi kujambula zithunzi ngati inu nomwe. Ndiponso mtsinje umatha kudzaza popanda mvula konse: kumene kuli damu kumtunda, oyang'anira akatsegula zitseko madzi amatsika tsiku lowala bwinobwino, ndipo mitsinje yochokera kumapiri a chipale chofewa imakhala yochepa m'mawa nkudzaza masana dzuwa likasungunula chipalecho.

Ine ndikafika pamtsinje sindiyamba ndi kumwamba. Ndimayang'ana m'mitengo ya m'mbali mwa madzi. Mukaona udzu wouma, timitengo ndi mapulasitiki zitakola panthambi pamwamba pa mutu wanu, zonse zitapendekera mbali imodzi, dziwani kuti si mbalame inaziika pamenepo. Madzi anafikapo, ndipo madzi saiwala khwawa. Kenako ndimasankha mwala umodzi wotumphukira pamwamba pa madzi, nkuuloweza pamtima, kuti ndikabwereranso undiuze ngati mtsinje wakwera. Madzi amene anali oyera akayamba kuda ngati matope, akayamba kubweretsa thovu, masamba ndi nthambi zaziwisi, kapena mukamva fungo la dothi lonyowa ndi mkokomo wochokera kumtunda ngati lole ikubwera, nthawi yokambirana yatha. Siyani chikwama, kwerani m'mbali mwa chigwa molunjika kumtunda kwa phiri. Musathamangire kumunsi motsatira mtsinje. Madziwo ali ndi liwiro kuposa inu.

Pali tsiku limodzi limene silichoka m'mutu mwanga. Ndinakumana ndi banja lina m'mawa poyambira njira: bambo, mayi, mnyamata wa zaka pafupifupi 20 ndi mlongo wake wamng'ono. Amapita kukaona mathithi a tsidya lina. Anali ndi mwamuna wina amene anamupeza pamene anaimika galimoto, amene anawauza kuti iye mtsinjewo amaudziwa ngati chikhatho chake. Kumtunda kwenikweni, kuseri kwa zitunda, kunali kamtambo kakuda. Ndinawauza kuti, “Bambo, muyende bwino, koma samalani madzi.” Bamboyo anamwetulira nati, “Zikomo achimwene, tisamala.” Anawoloka padooko madzi akulekeza m'akakolo, mtsikana uja akuseka atanyamula nsapato m'manja.

Pobwerera madzulo anapeza dooko lomwelo litasanduka lina. Madzi ofiira, olekeza m'ntchafu, akugubuduza miyala pansi. Galimoto yawo amaiona ndi maso tsidya linalo, mamita 300 osakwana. Kumayamba kuda, mtsikana uja akulira, foni ilibe netiweki. Wowatsogolera uja anatulutsa chingwe, nachimanga m'chiuno mwa mnyamatayo kuti awoloke kaye akachimangirire kumtengo, enawo agwirize. Pakati pa mtsinje mnyamatayo anaterereka pamwala nagwa. Chingwe chinakungika. Iwo pagombe ankakoka ndi mphamvu zonse poganiza kuti akumupulumutsa, koma munthu womangidwa m'chiuno, madzi akamukankhira kumunsi chingwe chikumukokera kumtunda, amapindika pakati nkumira, ndipo mfundo yokungika chotero palibe dzanja lingaimasule. Bambo ake ndiwo anali patsogolo pogwira chingwecho.

Ife tinafika cha m'ma 10 koloko usiku ndi matochi. Tinawoloka dooko lomwelo madzi akulekeza pansi pa mawondo. Chimene chimandipweteka nchimenecho: mtsinje wodzaza msanga umaphwanso msanga. Akanangokhala pansi pathanthwe maola anayi kapena asanu, kuzizidwa, kulumidwa ndi udzudzu, kukangana za amene anayambitsa ulendowu, onse anayi akanakwera galimoto ija. Chachiwiri chimene chimandipweteka ndi mawu anga aja. “Samalani madzi” ndi mawu opanda kanthu. Aliyense amavomera kenako nkuiwala. Ndikanawalozera kamtambo kaja. Ndikanawauza kuti ikamakwana 1 koloko akhale atawoloka kale kubwerera, ndipo akapeza madzi asintha mtundu asayerekeze kuikamo phazi. Ndinaopa kuoneka ngati ndikulanda mnzanga ntchito. Kuyambira tsikulo ndimalolera kutchedwa wamwano.

Anthu amaupeputsa mtsinje chifukwa amayeza kuya kokha. Akatswiri a zanyengo ku United States amachenjeza kuti madzi othamanga a masentimita 15 okha amatha kugwetsa munthu wamkulu, ndipo a masentimita 30 amatha kukokolola galimoto yaing'ono. Liwiro la madzi likawirikiza kawiri, mphamvu imene amakukankhirani nayo imawirikiza kanayi. Komanso mukamalowa mwakuya thupi limayamba kuyandama, mapazi sagwiranso pansi zolimba, panthawi yomweyo imene madzi akukankha gawo lalikulu la thupi lanu. Ine lamulo langa nlakuti madzi othamanga akapitirira mawondo a munthu wamfupi kwambiri pagulu, gulu lonse siliwoloka. Ponyani kamtengo m'madzi, muyende m'mbali mwake. Kakakusiyani m'mbuyo mukuyenda mwachizolowezi, khalani tsidya lomwelo.

Ngati madzi ali ololeka, musasankhe pamene mtsinje wachepa m'lifupi poganiza kuti mpafupi. Pamenepo mpamene uli wakuya ndi waliwiro. Funani potambalala, powongoka, kutali ndi pokhota, ndipo muone kaye chimene chili kumunsi kwake: mathithi, kapena mtengo wogwera m'madzi umene nthambi zake zimadutsitsa madzi nkugwira munthu. Nsapato musavule, chifukwa phazi lopanda nsapato likaponda mwala wakuthwa limadzidzimuka, ndipo kudzidzimuka kumeneko ndiko kugwa. Masulani lamba wa m'chiuno ndi wa pachifuwa wa chikwama kuti mukagwa muchitaye msanga. Yang'anani kumtunda, ndodo yolimba patsogolo, muzisuntha cham'mbali phazi limodzi panthawi, osapingasa miyendo. Mukagwa, gonani chagada miyendo italoza kumunsi, muzipalasa cholowera kugombe. Musayese kuimirira m'madzi aliwiro, phazi lingakole pakati pa miyala madzi nkukuweramitsani chafufumimba. Za chingwe m'chiuno ndanena kale, sindibwereza.

Ngozi zambiri za padooko zimayamba m'mawa, ndi kuwerengera nthawi molakwa. Munthu amaona pamapu a pafoni makilomita 8 nkunena kuti maola awiri tabwerako. Mu 1892 munthu wina wokwera mapiri wa ku Scotland, William Naismith, anapereka kawerengedwe kamene tikugwiritsabe ntchito: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuonjezapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Kawerengedweko nka munthu wamphamvu woyenda osapumira panjira yabwino. Njira ya m'chigwa si yotero. Muli miyala ya ndere, muli kuwoloka, muli ana, ndipo pamathithi palibe amene amakhala mphindi zisanu zokha. Onjezaninso ichi: pansi pa chigwa dzuwa limabisika kuseri kwa phiri kudakali nthawi, mdima nkugwa msanga kuposa pamtunda, ndipo usiku mpweya wozizira umatsikira komweko. Ikani nthawi yobwerera musananyamuke, ndipo ikakwana mubwerere ngakhale mathithi mukuwamva kale mkokomo. Uzani munthu wina wotsala kumene mukupita ndi nthawi imene ayambe kukufunani. Achibale ambiri amadikira mpaka m'mawa asananene, ati kuopa kuvutitsa anthu usiku. Tivutitseni. Kuitanidwa pachabe sikunatipwetekepo.

Tsopano za anthu amene amakupezani poimika galimoto. Sindikunena kuti munthu wokulira m'chigwa sadziwa mtsinje wake. Ambiri amaudziwa kuposa ine, ndipo nzeru zanga zambiri ndinazitola kwa iwo. Koma wodziwadi mumamuzindikira ndi chinthu chimodzi: amatha kukuuzani kuti lero ayi, ngakhale akudziwa kuti malipiro ake apita. Amene amavomera chilichonse, amene mukamufunsa za mvula ya kumtunda amangoti “musadandaule, ine ndilipo,” ameneyo akuyang'ana chikwama chanu cha ndalama. Mufunseni mafunso atatu: madzi akadzaza tili tsidya lina, njira ina yotulukira ili kuti? Netiweki imagwira pati? Anaphunzira chithandizo choyamba? Akayamba kuzungulira, bwererani. Safunsa anadya phula.

Ndipo anthu omwewa ndiwo amatsogolera zoopsa munthu akavuulidwa m'madzi. Ndaonapo womira atazondotsedwa mutu pansi, wina akumupsinya pamimba kuti “madzi atuluke.” Chimene chimatuluka ndi za m'mimba, zimene zimakalowa m'mapapo, uku mphindi zikupita ubongo ulibe mpweya. Womira amene sakupuma akufunika mpweya, pompopompo: mugonekeni chagada pamalo olimba, mutsegule njira ya mpweya popendeketsa mutu cham'mbuyo, mumuuzire mpweya pakamwa, kenako muzipsinya pakati pa chifuwa maulendo 30 nkuuzira kawiri, osaleka kufikira atayamba kupuma kapena atafika achipatala. Akayamba kupuma mugonekeni cham'mbali, mumuvule zonyowa, mumufunditse. Musamupatse mowa kuti atenthedwe. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, kutentha kwa m'kati nkumathawa msanga.

Kenako kuchipatala, ngakhale iye akukana, ngakhale akuseka nkumati ali bwino. Munthu amene madzi anamulowa m'mapapo amatha kuyenda yekha mpaka pagalimoto, maola angapo pambuyo pake nkuyamba kutsokomola, kubanika, milomo kusintha mtundu, tulo tosadziwika bwino. Pagulu sipalephera wina wonena kuti, “Tiyeni tikagone kaye, tikamuona mawa.” Ameneyo musamumvere, ngakhale akhale mwini galimoto.