Musanapereke ndalama za puloti ku Kasungu: mafunso ndi mayankho

Fodya akangogulidwa ku Chinkhoma, madobadoba a malo sagona. Wina akukokerani ku Santhe, wina akuti ali ndi puloti yabwino pafupi ndi msewu wa M1. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amafunsa, kawirikawiri ndalama zitapita kale.

Ndili ndi kalata yodindidwa ndi amfumu. Kodi malowo si anga basi?

Kalatayo ndi umboni woti munapereka ndalama amfumu akuona, koma si chikalata cha umwini. Mfumu ndi wosunga malo a anthu ake, si mwini wake. Malinga ndi malamulo a malo a 2016, omwe ena anakonzedwanso mu 2022, kulembetsa malo a makolo kumadzera ku komiti ya malo ya m'dera la agulupu. Agulupuwo ndiwo wapampando, ndipo pamakhala anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, atatu mwa iwo kapena kuposerapo akhale amayi. Malo akayezedwa n'kulowa m'kaundula, mumalandira satifiketi ya customary estate, chomwe ndi chikalata cha umwini wa malo a makolo. Ntchitoyi sinafike m'midzi yonse, choncho yambani mwafunsa ku ofesi ya za malo kukhonsolo.

Komanso dziwani amene akukugulitsani. Munda wa banja sugulitsidwa ndi munthu mmodzi. M'mabanja ambiri a Achewa malo amatsata kuchikazi, ndiye mkamwini alibe mawu pa munda wa kwa mkazi wake, ngakhale waulima zaka makumi awiri. Cha kumpoto, monga ku Nkhamenya, ambiri amatsata kuchimuna. Ngati wogulitsa sakufuna kuti muonane ndi mwinimbumba kapena abale ake, bwererani ndi ndalama zanu.

Nanga lizi n'chiyani?

Ndi kubwereka malo kwa zaka zowerengeka, nthawi zambiri kuchokera ku boma. Ya nyumba m'tauni imakonda kukhala ya zaka 99, ya ulimi zaka 21. Chaka chilichonse mumalipira lendi ya malo, ndipo mumayenera kuwagwiritsa ntchito yomwe munapemphera. Wotenga lizi yomanga nyumba sangangodzuka n'kumangapo chigayo. Freehold ndiye umwini wopanda malire a zaka, koma boma silikuperekanso watsopano.

Kuno nkhani ya zaka 21 si yamasewera. Maesiteti ambiri a fodya anatsegulidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo malizi ena anatha kalekale osawonjezeredwa. Munthu akhoza kukuonetsani chipepala chachikasu, chodindidwa bwinobwino, chonsecho mphamvu yake inatha inu muli ku pulayimale. Werengani tsiku lomwe lizi inayamba, muwonkhetse nokha. Yang'ananinso ngati m'malomo simunakhazikike anthu, chifukwa ena anabwera ngati matenanti ndipo lero ali ndi manda a makolo awo pomwepo. Kuwasamutsa amenewo si nkhani ya tsiku limodzi.

Wogulitsa wandionetsa taito didi yeniyeni. Chatsala n'chiyani?

Kufufuza m'kaundula wa unduna wa za malo, zomwe maloya amati search. Kwa ife a chigawo chapakati zimachitikira ku Lilongwe. Mumaona dzina la mwini weniweni, zaka zomwe zatsala, ngati malowo ali pachikole ku banki, komanso ngati wina anaikapo caution, lomwe ndi chenjezo loletsa kusintha umwini mpaka dandaulo lake litamveka. Mukatero tengani saveya wovomerezeka akakulozereni mabikoni, zizindikiro za malire a malowo. Malire a “kuyambira pachulupo kukafika pamtengo wa mango” ayambanitsa anthu ambiri, pakuti mango amadulidwa.

Ndalipira, makiyi ndatenga. Kodi zatha?

Ayi. Dzina likadali la wogulitsa m'kaundula, pamaso pa lamulo mwini ndi iyeyo. Pamafunika chilolezo cha unduna chosinthira umwini, chikalata cha MRA chosonyeza kuti nkhani za msonkho zili bwino, msonkho wa stamp duty, kenako kulembetsa dzina lanu. N'chifukwa chake ndimati ndalama zomaliza muzipereka mapepala osinthira umwini atasainidwa. Munthu akalandira zonse, foni yake imayamba kuvuta netiweki.

Kuika nyumba pachikole kumatanthauza kuti yasanduka ya banki?

Nyumba ikadali yanu. Banki imangolembetsa m'kaundula kuti ili ndi ngongole pamenepo, ndipo simungagulitse iyo osadziwa. Mukalephera kubweza, imakupatsani chidziwitso cholemba, ndipo nthawi yake ikatha ikhoza kugulitsa nyumbayo. Ikatengapo ngongole, chiwongoladzanja ndi zomwe yawononga pogulitsa, zotsala ndi zanu. Mukamaliza kubweza, kalembetseni kuti chikolecho chachotsedwa, ambiri amaiwala. Akatapila ndiye ena: amakusainitsani pepala loti mwagulitsa nyumba pamene inu mukuti mwangokongola.

Mwini malo anamwalira, akugulitsa ndi mwana wake woyamba. Ndigule?

Kubadwa koyamba sikupatsa munthu mphamvu yogulitsa. Funsani chikalata cha khoti chomupatsa udindo woyendetsa chuma cha masiye. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana onse, ndipo kulanda chumacho ndi mlandu. Mukagula kwa mmodzi mwakabisira, amasiye enawo adzakupezani mutafika kale pa lintala.

Mkangano wa malo a makolo umapita kuti?

Lamulo linaika bwalo la malo kwa mfumu yayikulu, monga kwa T/A Kaomba kapena T/A Wimbe. Wosakhutira amakadandaula ku bwalo la malo la boma lonse la Kasungu, kenako ku Central Land Board, lomwe ndi bwalo la malo la dziko lonse. Popita kumeneko nyamulani mapepala onse, ndi mboni zomwe zinalipo tsiku loloza malire.