Musanabwere ndi shuga ku wodi, tafunsani kaye asisita

Abale, nkhani iyi ndayinena pakamwa mpaka kutopa, lero ndingoyilemba basi. Ine ndi nesi, ndagwira m'mawodi muno mu Lilongwe zaka zambiri, ndipo ikafika Khirisimasi, Isitala, kapena pa 15 Okutobala tsiku la anakubala, timalandira magulu a amayi a mumpingo, makampani, achinyamata, atasenza shuga, sopo, mabanzi ndi Sobo. Zikomo kwambiri, ndikunena kuchokera pansi pamtima. Koma tikangowapempha kuti ulendo wina ndalamayo mudzagule matiresi kapena makatani otchingira bedi, yankho limakhala lomwelomwelo, "aaa sisita zimenezo ndi za boma", ena mpaka amati ndi zamanyado, wodwala amangofunika mankhwala.

Si zamanyado ayi. Munthu amene sangathe kudzitembenuza yekha, kaya ndi wa sitiroko kaya wothyoka msana, timayenera kumutembenuza pa maola 2 aliwonse, chifukwa pamene fupa lakanikiza khungu magazi sayenda, khungu limafa, chilonda chimayambira mkati musanachione. Ndiye muganize akugonera matiresi ong'ambika, siponji yanyowa ndi mkodzo, yopanda chikuto chapulasitiki choti tipukute ndi mankhwala. Jakisoni timubaya inde, koma chilonda chikukula pansi pakepo.

Pali agogo ena amene mpaka pano sandichoka mmutu. Anabwera ndi sitiroko pa chipatala china chomwe ndinkagwirako, ndipo amayamba kupezako bwino, amameza phala, dzanja limayamba kugwedezeka. Gadiyani anali mpongozi wawo, mayi wamwana kumbuyo, wochokera kutali kumudzi. Inali nthawi yadzinja, kogona magadiyani kunali kothina komanso kodontha, pophikira utsi okhaokha nkhuni zonyowa, mwana uja anayamba kutsokomola. Mayiyo anapirira mpaka analephera. Mmawa wina anandiuza kuti "asisita, tikufuna tikayesere kwina", ndinawachonderera, ndinaitana ngakhale mwana wa agogowo pafoni, koma amene amagona pasimenti yonyowa anali mayiyo osati ine. Anapita kwa munthu wina amene anawalonjeza kuti agogo ayenda sabata isanathe, anawatema mphini nkuwagoneka pamphasa osawatembenuza. Pobwerera nawo, chilonda chakumunsi kwa msana chinali chofika pafupa, magazi atalowa kale tizilombo. Sitinawapulumutse. Anthu aja sanathawe mankhwala athu, anathawa kusowa pogona, ndipo malata ochepa chabe padenga lija mwina bwenzi atakhala.

Kuno kwathu gadiyani ndiye amasambitsa, kudyetsa, kuchapa, kuthamanga kukaitana nesi usiku. Gadiyani akagwa mphwayi wodwala watuluka. Nchifukwa chake ndimati amene wamanga khitchini ya magadiyani, kukonza mpopi kapena chimbudzi, wachiza anthu ambiri amene sadzawaona nkomwe.

Ndipo si zoti nzosatheka, umboni uli mumzinda momwe muno. Ku Bwaila kuli Fistula Care Centre yomwe imathandizidwa ndi a Freedom From Fistula Foundation, amayi amene akhala akudontha mkodzo zaka, otayidwa ndi amuna awo, amagona pabedi loyera, amasamba, amasamalidwa mwaulemu, ndipo zimenezo ndi mbali ya kuchira kwawo. Ku Kamuzu Central kuli chipatala cha maso cha Lions, kuli LION ya mafupa ndi ubongo yomwe inamangidwa ndi thandizo lochokera ku Norway. Ku Blantyre Mercy James, chipatala cha ana, inatsegulidwa mu 2017 ndi thandizo la Madonna. Mwina muti amenewo ndi olemera. Chabwino, koma gulu lanu la banki mkhonde silingalephere sikilini imodzi yotchingira, kuti bambo wamkulu asavulidwe wodi yonse ikuyang'ana. Munthu akachititsidwa manyazi amabisa matenda, sanena pomwe pakupweteka, ndipo ulendo wina amachedwa dala kubwera.

Tsopano pa zomwe simuyenera kuchita. Mankhwala otsala kunyumba kapena otumizidwa ndi achibale kunja, chonde musatibweretsere. Malangizo a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati mankhwala operekedwa ngati mphatso azifika atatsala ndi chaka chathunthu asanathe mphamvu, komanso kuno kuli a PMRA, bungwe la boma loona za mankhwala, amene amayang'anira zimenezi. Otha ntchito amangotipatsa chintchito chowawononga. Makina akale nawonso, a magetsi a mavolti 110 pamene athu ndi 230, opanda zosinthira, opanda woti akonze, amangodzaza khonde pomwe pakanakhala bedi.

Chenjeraninso ndi zithunzi za odwala zoyenda pa WhatsApp ndi nambala ya Mpamba kapena Airtel Money pansi pake. Ena ndi oona, ena ndi akuba ndithu, ndipo kujambula wodwala osamupempha nkulakwa ngakhale mwabwera ndi mphatso. Koma ondipsetsa mtima kwenikweni ndi aja amalowa ndi kasopo kamodzi ngati odzazonda, kenako nkumanong'oneza wodwala kuti wachira asiye ma ARV, kapena nkumugulitsa kabotolo kamadzi akuti amachiza khansa. Pemphero sitiletsa, ifenso timapemphera, koma mukamva wina akuuza m'bale wanu kuti asiye mankhwala kapena atuluke, itanani nesi nthawi yomweyo, musadikire mawa.

Ngati gulu lanu lasonkha kangachepe, pitani ku ofesi ya a matroni kapena kwa asisita oyang'anira wodi, mufunse chomwe chikusowa mwezi uno, mugule nokha chinthucho, mulandire kalata yoti chalandiridwa. Pakatha miyezi itatu mudzabwerenso mudzaone ngati mpopi uja ukutulukabe madzi, ngati wafa mudzaukonze.