Pulofesa Andrew Tracey ndi valimba ya kuchigwa

Mu Januwale 2024 ku South Africa kudamwalira gogo wina wa zaka 87, Pulofesa Andrew Tracey. Kuno ku Nsanje ndi Chikwawa uthenga wa maliro ake sudamveke kwenikweni, chonsecho ndi mmodzi mwa anthu ochepa amene adakhalira pansi valimba yathu, choimbira cha mbale zamatabwa zogogoda chimene ena amati ulimba, n'kulemba m'mene imaimbidwira.

Ntchitoyi adaitengera kwa bambo ake, a Hugh Tracey, amene m'zaka za m'ma 1950 adayendayenda m'Nyasaland ndi galimoto yodzaza makina ojambulira mawu, Nsanje akutchedwabe Port Herald. Mu 1954 a Hugh adakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo za mu Africa yotchedwa International Library of African Music. Atamwalira mu 1977, mwana wawo adalowa m'malo, nkhokweyo n'kusamukira ku Rhodes University, m'tauni ya Grahamstown ku South Africa, ndipo adaiyang'anira mpaka 2005. Ku Oxford Andrew adaphunzira zinenero ndi chikhalidwe cha anthu, koma chimene chidamusiyanitsa ndi ophunzira ambiri n'chakuti sankakhutira ndi kungomvera. Mbira ankaiimba ndi zala zake, ndipo nyanga, zitoliro za Anyungwe a ku Tete, adaphunzira kuziwuzira asadalembe za izo.

Valimba idabwera ndi Asena. Amang'anja, eni Khulubvi ndi Mbona, adali kale m'chigwa muno pamene Asena ankalowa kuchokera ku Zambezi, ena kuthawa chibalo cha Apwitikizi, ena nkhondo ya Barue ya 1917. Amene adaionapo ikulira usiku pamaliro amadziwa kuti si choimbira cha munthu mmodzi. Anthu atatu amagawana mbale zamatabwa zija, wina kumawu aang'ono, wina pakati, wina kumabesi, pambali pali kang'oma ka gaka ndi nkhocho. Pansi pa mbale iliyonse pamalendewera chikho chake, chachikulu kumawu aakulu, ndipo pachikhopo amaboola kabowo n'kumatapo kachikopa kopyapyala ka chisa cha kangaude. Kachikopako ndiko kamatulutsa kunjenjemera kwa mawu kuja. Mlendo amayesa chikho chasweka, koma mmisiri akapanda kukumva amati valimba sikulankhula. Ena adayamba kumata kapepala kafodya kapena kapulasitiki, ndipo akuluakulu sadasiyebe kudandaula kuti sizifanana.

Mu 1991 Tracey adasindikiza kafukufuku wake wa gulu la valimba la a Kambazithe Makolekole m'magazini ya African Music. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti dzina la woimbayo lili pamutu penipeni pa nkhaniyo. Azungu ambiri akale ankangolemba kuti nyimbo ya mtundu wakuti, ngati kuti nyimbo imamera yokha m'dimba.

Padalinso mzungu wina wa ku Netherlands, Wim van Zanten, amene ankaphunzitsa masamu ku Yunivesite ya Malawi chakumapeto kwa m'ma 1960. Iye adayeza mawu a bangwe ndi valimba za Asena n'kupeza kuti amisiri athu amagawa mawu m'masitepe asanu ndi awiri otalikirana pafupifupi mofanana, osati monga piyano kapena kiyibodi yakutchalitchi imene masitepe ena ndi aafupi. N'chifukwa chake mnyamata wakwaya akafuna kulondola valimba pakiyibodi amakanika, n'kuyamba kunena kuti valimbayo sidachunidwe. Idachunidwa bwinobwino, ndipo ndi khutu lokha basi. Mmisiri amasema pansi pa mbale chapakati kuti mawu atsike, kumapeto kuti akwere, akugogoda n'kumvera mpaka mtima utakhala pansi.

Tisaiwale nyengo imene izi zinkalembedwa. Kuyambira 1968 Chichewa chidakhala chinenero cha dziko lonse, ndipo Chisena chidalibe malo pa wailesi ya MBC mpaka m'ma 1990. Mwana wa ku Marka kapena Tengani akapita ku Blantyre ankabisa kalankhulidwe ka kwawo kuopa kusekedwa. M'zaka zomwezo nyimbo za Chisena zinkajambulidwa n'kusungidwa bwino kunja, pamene kwawo zidatsala pamaliro ndi pamowa.

Zimene a Tracey awiriwa adasonkhanitsa zikadali ku Makhanda, tauni imene kale inkatchedwa Grahamstown, ndipo zina zidaikidwa pa intaneti. Koma kuti mumve kachikopa ka kangaude kakunjenjemera, muyenerabe kufunsa m'mudzi kuti valimba ilira kuti usiku uno.